Sukulu ya M'chigafa cha Apongozi

Apongozi anga aakazi sankakhulupirira kuti sukulu ingakwane m'foni. Sanandiuze pamaso ayi, chifukwa ine ndi iwo sitinkayang'anana n'komwe. Osati kuti tinayambana. Ndi mwambo chabe, mkamwini ndi amayi a mkazi wake amathawana. Tikakumana panjira ya ku mjigo, iwo ankapatukira m'tchire la kumanja, ine la kumanzere, aliyense n'kunjuta atapenya kwake, moni n'kumaponyerana chapatali. Thalauza langa linkangokhala chisoso chokhachokha chifukwa cha ulemu.

Akakhala ndi mawu, ankauza chilichonse chimene chili pafupi, kaya nkhuku, kaya mtondo, ngakhale galu wogona. "Nkhuku iwe," ankatero ine ndili poteropo, "anthu ena kuno amati ali pa sukulu, koma sukulu yake ilibe belu, ilibe yunifolomu, ilibe ndi khomo lomwe. Anzawo akuthirira nazale, iwo akusisita foni." Ine mtima unkawira ndithu, koma ungayankhe bwanji? Ndinkangouzanso nkhuku yomweyo kuti nazale ndathirira kale m'mamawa. Nkhuku ija inamva nkhani zambiri za m'banja mwathu, moti tsiku limene tinaidya ndinamva chisoni.

Kwathu kwenikweni ndi kufupi ndi Mtunthama. Bambo anga ankatchetcha kapinga pa sukulu yogonera ya ana a anthu olemera ija, ndipo ine ndinakula ndikusuzumira pampanda, n'kumaona aphunzitsi akudutsa, zala zili mbuu ndi choko. Kuyambira pamenepo sindinasilirenso ntchito ina. Masamu ndinkawakonda, nawonso sankandikana, mpaka ndinapita ku koleji n'kubwerako ndi digiri. Koma digiri yanga inali ya masamu okhaokha, ndipo kulikonse kumene ndinkagogoda ankandifunsa pepala la uphunzitsi. Mapeto ake ndinakwatira pamudzi wina kunja kwa Santhe, n'kukhala chikamwini, n'kuyamba kulima fodya wa bale pamunda umene apongozi anatidulira. Anyamata a pamudzipo ankandiseka kuti ndimawerenga masamba a fodya ndi kakyuleta.

Mnzanga wina wa ku koleji ndiye anandiuza za maphunziro a pa intaneti, a anthu amene ali kale ndi digiri koma akufuna kukhala aphunzitsi a masamu ku sekondale. Sukulu yake ili kutali, koma supitako, umaphunzira uli kwanu. Mkazi wanga sanachedwe nazo. "Lowani basi, bambo. Za fodya tithandizana." Ndinalowadi.

Vuto linali netiweki. Dziko la kuno ndi lathyathyathya, ungaganize kuti netiweki imangoyenda mwaufulu, koma ayi, ili ndi malo ake amene imawakonda. M'nyumba mwathu munalibe. Pachulu cha kuseri inkabwera n'kuthawa. Ndinazungulira mudzi wonse foni ili m'mwamba, ana akunditsatira, mpaka ndinaipeza yodzaza bwinobwino pamalo amodzi okha: m'chigafa cha apongozi, mmene amayanikamo fodya wawo, pansanamira ya pangodya. Mwa malo onse a padziko lino, abale!

Ndinatuma mkazi wanga kuti akandipemphere. Anabwerako akuseka. "Akuti lowani. Koma akuti mukatentha chigafa chawo ndi magetsi anu a m'foniwo, mumanga china nokha."

Mmenemo ndi mmene munakhala kalasi yanga. Foni ndinkaimangirira pansanamira ija ndi mphira wa tchubu cha njinga, batire ndikutchaja pa kasola kathu. Nthawi ya fodya ndinkakhala pansi pa mikangala yoyanikapo fodyayo, masamba ofota akundikhudza m'mutu, fungo lake likundiyetsemulitsa, uku phunziro lili m'kati. Ndipo ndinene zoona, ndinkasangalala. Ha, ndinkasangalala kwabasi! Ubongo umene unachita dzimbiri unayambanso kuyenda. Tsiku lina ndinalimbana ndi samu ina kuyambira ku munda, ndikuilemba ndi kamtengo pamzere, ndipo itamasuka ndinakuwa ndekha mpaka mbuzi zinabalalika. M'kalasi mwathu munali wina wa ku Chitipa, wina wa ku Nsanje wanthabwala zosatha, ndi mayi wina amene ankayankha mafunso ovuta mwana ali kubere. Sitinakumanepo, koma tinkakangana ngati ana a mimba imodzi. Tambala wa apongozi akalira pakati pa phunziro, wa ku Nsanje uja ankati, "Tamverani, ku Kasungu wina wapeza ansala!"

Mphunzitsi wathu wamkulu anali mayi wa magalasi, wa mawu ofatsa koma osanyengerera. Tonse tinkangowatcha madamu. Iwo ankati kudziwa masamu n'kwina, kuwalowetsa m'mutu mwa munthu wina n'kwinanso. Apa m'pamene ine pankandivuta, chifukwa ndine munthu wopupuluma. Ndikaona yankho ndimafuna aliyense alione nthawi yomweyo, ndipo wina akamachedwa ndimamuuziratu. Tikamayeserera kuphunzitsana, madamu ankandidula pakamwa. "Bambo a ku Kasungu, mwathamanganso. Ana mwawasiya kuti?"

Mayeso omaliza sanali olemba. Aliyense ankayenera kuphunzitsa phunziro lenileni kwa ophunzira enieni, madamu akuonera pa kamera nthawi yomweyo. Tsiku ankakupatsa okha, ndipo ukaliphonya kapena kulephera unkadikira chaka chamawa. Chaka chinanso chomanenedwa kudzera mwa nkhuku! Ine ndinalumbira kuti zimenezo ayi.

Tsiku langa linagwa Loweruka m'mawa, mvula ya dzinja itangoyamba kumene, m'chigafa mulibe fodya. Ndinasesamo, ndinabwereka mabenchi ku tchalitchi, ndinapeza ndi kabolodi komwe. Ophunzira ndinali nawo, ana a fomu thu a pamudzipo ndi ena a matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe. Phunziro langa linali losavuta kunena: chingwe chimodzi, kutalika kwake kosasintha, chingazungulire malo aakulu kapena aang'ono malinga ndi mmene wachipindira. Ndinatenga chingwe cha juti chosokera fodya n'kumanga nsonga zake pamodzi. Ndinadulanso timakatoni tofanana mbali zonse, toti tiziyala m'kati mwa chingwecho powerenga kukula kwa malo. Ndinayeserera pa mkazi wanga mpaka anandipempha kuti ndimuleke, akuti wayamba kulota zingwe.

Zinali zaka zimene makuponi anali atatha, feteleza wotsika mtengo tikugulira chitupa cha unzika. Amene anakhalako kumudzi akudziwa kuti feteleza ameneyu sauza munthu tsiku lobwera. Lole ikangotsitsa matumba ku depoti, umasiya chilichonse n'kuthamanga, chifukwa wochedwa amapeza atatha. Ndiye Loweruka lomwelo, ndikumanga mabatani a malaya anga oyera, ndinangomva mabelu a njinga ngiringiri ngati kuli ukwati. Wina ankakuwa kumsewu, "Wafika! Feteleza wafika pa Santhe!"

Mudzi wonse unakhuthuka. Ana anga a fomu thu makolo awo anawatenga, wina kukagwira malo pamzere, wina kukakankha njinga pobwera. A matenanti aja sanabwere n'komwe, anali atatengedwa kale kukawokera fodya poti nthaka inali itanyowa. Mkazi wanga anaima pakhomo chitupa chili m'manja, akundiyang'ana ndi chisoni. "Nditsale, bambo? Mundiphunzitse ine." Ndinayang'ana chimanga chathu chimene chinali chitangomera. "Pitani," ndinatero. "Chaka chino tidya masamu kodi?" Anakwera njinga n'kupita.

Ndinatsala ndekha ndi mabenchi. Ukali umene ndinali nawo, musafunse. Ndinamenya benchi ina ndi phazi, chala changa n'chimene chinalangika. Posakhalitsa foni inalira pansanamira paja, nkhope ya madamu n'kutulukira.

"Mwadzuka bwanji, bambo a ku Kasungu? Ophunzira anu ali kuti?"

Ndinafotokoza zonse. Madamu anagwedeza mutu. "Ndikumvetsa. Kwathunso mayi anga amagona pamzere womwewo chaka chilichonse. Koma sindingakuyeseni mukuphunzitsa mabenchi. Pezani ngakhale munthu mmodzi. Ndikudikirani pang'ono chabe, pambuyo panu pali anzanu."

Ndinatuluka. Mudzi unali zii, agalu ndi nkhuku basi. Munthu mmodzi yekha ndiye anatsala: apongozi. Iwo feteleza wawo anali atagula kale pa lole yoyamba ya mwezi wathawo, ndipo anali pakhonde pawo akusenda mtedza wa mbewu. Chigafa chilibe makoma, choncho zonse anazimva. Koma mkamwini angawapemphe bwanji apongozi kuti akhale mwana wake wa sukulu? Ndinangoima chilili, maso ali pansi, misozi ili pafupi. Mumtima ndinali nditagonja kale.

Kenako ndinamva akutsokomola.

"Nsanamira iwe," anatero, "kodi ophunzira akewo amafunika a msinkhu wanji?"

Ndinatembenukira ku nsanamira ija. "Nsanamira, uwauze amayi kuti wa msinkhu uliwonse, bola wamoyo."

"Nanga woti sukulu anangoinunkhiza?"

"Ameneyo ndiye wabwino kwambiri."

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga mphasa ndi lichero lawo la mtedza. Mabenchi anga sanawayang'ane n'komwe. Anayala mphasa pakati pa chigafa, n'kukhala pansi atandifulatira, nkhope ili ku munda, chitenje atachifunda mpaka kumutu.

"Bambo," anatero madamu m'foni muja, "wophunzira wanuyo bwanji wakupatsani msana?"

"Ndi apongozi anga, madamu."

Madamu anayandikira pa kamera. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kupukuta m'maso, mapewa akugwedezeka ndi phwete. "Chabwino," anatero atapezanso mpweya. "Chizungu chisiyeni, phunzitsani m'chiyankhulo chimene akumva. Yambani."

Ndinayamba, ndipo mantha anandibwezera ku khalidwe langa lakale. Ndinathamanga. Ndinajambula pabolodi, ndikufotokozera nsanamira za kutalika ndi kutambalala, mawu akutuluka ngati chimanga pa chigayo. Apongozi anali atapeza kale mkhalapakati woposa nsanamira. "Mayi a m'foni inu," anatero, "auzeni kuti akuthamanga. Ndiponso ine kumsana kulibe maso."

"Mwamva nokha, bambo," anatero madamu. "Lero si ine ndanena."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti bolodi langa ndi lopanda ntchito. Munthu wofulatira sungamuonetse kanthu, akuyenera kukagwira yekha. Ndinatenga chingwe, timakatoni tija ndi timiyala tinayi topanira m'ngodya, ndinayenda chonjuta n'kuziika pambali pa mphasa, kenako ndinabwerera n'kufulatira nanenso. Ndiye taganizani zimene kamera inkaona: mphunzitsi wapenya kumadzulo, wophunzira wapenya kum'mawa.

"Madamu, afunseni amayi," ndinatero. "Dimba lawo la ku dambo amalitchinga ndi mpanda wa udzu. Udzu ukakhala womwewo, mitengo yomweyo, kodi malo a m'kati angakule kapena kuchepa?"

"Auzeni kuti asandiyese mwana," anayankha apongozi, madamu asanatsegule n'komwe pakamwa. "Udzu womwewo, dimba lomwelo. Lingakule bwanji? Ndi ufiti?"

"Apange dimba lawolo ndi chingwecho, mmene lililimo. Akatero ayalemo timakatonito, atiwerenge," ndinatero.

Dimba la apongozi ndinkalidziwa, linali lalitali, lopyapyala, lotsata khwawa. Ndinamva timiyala tikugogoda pansi, kenako kung'ung'udza kwa munthu wowerenga. "Tisanu ndi tinayi," anatero. "Mzere umodzi."

"Tsopano alifupikitse pang'ono, alitambalalitse kuti mulowe mizere iwiri."

Anachedwa. Anachedwa kwambiri. Yankho linali pakamwa panga, likundiyabwa lilime, ndipo akanakhala mwana wa fomu thu ndikanamulanda chingwecho n'kumuonetsa. Koma apongozi sungawalande kanthu m'manja, sungawaime pamutu, sungawadule mawu. Ndinangoima nditapenya kumadzulo, ndikuluma mlomo, thukuta likutsika mumsana.

"Aaa," ndinamva akutero. "Khumi, tisanu ndi kamodzi. Iyayi. Mayi a m'foni, chingwe ichi chikutanuka. Andipusitsa."

"Achiyeze pamkono pawo," ndinatero.

Anachiyeza, n'kuchikokanso mwamphamvu mpaka ndinamva chikulira. "Chomwecho," anatero chapansipansi, mawu ake osakondwa. Lichero la mtedza ndinamva akulikankhira kumbali. Sindinawauzenso chochita. Ndinamva timiyala tikusuntha, kuwerenga, kudandaula, timiyala tikusunthanso. Kutali kumsewu kunkamveka belu la njinga ya wina wochedwa.

"Makumi awiri ndi tisanu," anatero apongozi. Anali atalipanga lofanana mbali zonse, okha. "Mayo ine! Bambo!"

Sanati nsanamira. Sanati mayi a m'foni. Ndinatembenuka osaganiza, ndipo ndinapeza nawonso atatembenuka, chitenje chitagwera m'mapewa, akundiyang'ana m'maso gaa. Chikhalireni pamudzi paja ndinali ndisanaionepo nkhope yawo pafupi chonchi. Anali ndi kampata ka m'mano kofanana ndendende ndi ka mkazi wanga.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero akumenya pansi ndi chikhatho, "ndakhala ndikumweta udzu wonse uja, kusenza pamutu mpaka khosi kuuma, kuti nditchinge kadimba kochepa? Malemu amuna anga aja ankalimbikira kuti dimba lalitali ndiye lalikulu! Koma amuna inu, shaa!" Anaseka mpaka kutsokomola, inenso ndinaseka, madamu nawonso m'foni muja. Kenako anandiloza ndi chala. "Tandiuzani tsono. Nanga ndikalizunguliza ngati nkhokwe, osaika ngodya?"

Funso limenelo silinali m'phunziro langa la tsikulo. Yankho ndinkalidziwa, ndipo linafika mpaka pamilomo. Ndinalimeza.

"Tayesani, amayi. Tione."

Anachotsa timiyala n'kuzunguliza chingwe, koma chinkapindika, chinkafuna manja anayi. Ndinagwada pamphasa pawo n'kugwira mbali inayo. Mkamwini ndi apongozi, mitu pafupi kugundana, tikuyala timakatoni! M'mbali timakatoni sitinkakwana bwino, iwo n'kumating'amba kuti tilowe. Tinayala tonse mpaka tinatha, koma m'kati mwa chingwe munatsalabe mipata. Apongozi anatapa mtedza m'lichero n'kuthira m'mipatamo. "Onani! Onani malo otsalawa! Apa ndiye pa tomato wanga, apa pa mpiru." Maso awo ankawala ngati a mtsikana. Mayeso ndinali nditawaiwala.

Madamu ndi amene anatikumbutsa. Anatsokomola, magalasi ali m'manja. "Nthawi yatha, bambo a ku Kasungu. Lero simunathamange. Mwakhoza, pepala libwera m'mbuyo. Amayi, zikomo kwambiri, ndinu wophunzira wovuta koma wabwino." Foni inazima.

Apa m'pamene apongozi anazindikira pamene akhala ndi amene akhala naye. "Iii!" anatero, n'kukoka chitenje msangamsanga kufunda kumutu. Ine ndinadumpha kuchoka pamphasa ngati ndaponda moto, n'kukaima pangodya nditapenya kumadzulo. Ndinamva akutola mtedza wawo umodzi umodzi, akupinda mphasa, akutuluka. Mwambo unabwerera m'malo mwake, ndipo mpaka lero tikakumana panjira ya ku mjigo timapatukabe, chisoso chikundimatabe thalauza.

Koma asanafike pakhonde pawo anaima. Anatsokomola, monga amachitira akafuna kuti mawu afike.

"Nsanamira iwe," anatero, "uwauze aphunzitsi kuti Lolemba m'mawa akandithandize kuzika mitengo ku dimba. Abwere ndi chingwe chawocho."

Aphunzitsi. Mawu amene ndinawadikira kuyambira ndili mwana wosuzumira pampanda ku Mtunthama, ndipo munthu woyamba kunditchula choncho anali iwowa, atandifulatira, lichero lili m'manja. Ndinagwira nsanamira ija ndi manja onse awiri, n'kupukuta misozi pamkono wa malaya anga oyera.

"Uwauze amayi," ndinatero, "kuti aphunzitsi amva."